Maola 8 mlengalenga ndi mwana wosadziwa kukhala pansi

Nthawi ikuthamangira 3 koloko m'bandakucha. Magetsi m'ndege azimitsidwa, kwangotsala timagetsi tapansi tolozera njira. Anthu afunda mabulangete, ena akuliza mkonono.

Mmodzi yekha ndiye sakudziwa kuti kunja kwada.

Ndi kamnyamata ka chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, kovala sokosi imodzi. Inayo inasowa kalekale pansi pa mipando. Kaima pantchafu za mayi ake, kagwira mutu wa mpando wakutsogolo, ndipo kakuugwedeza ndi mphamvu zake zonse. Bambo wa pampandowo wacheuka kawiri. Sanalankhule kanthu. Maso okha.

"Iwe, khala pansi. Taona galu uyu," akunong'ona mayiwo, uku akutsegula kabuku ka zithunzi. Kabukuko kaponyedwa. Atulutsa galimoto ya pulasitiki, yatsopano, yooneka kuti inagulidwira ulendo womwewu. Nayo yaponyedwa, yagubuduka mpaka mizere itatu kumbuyo.

Wogwira ntchito m'ndege akudutsa, n'kusiya makapu awiri apepala opanda kanthu pathireyi.

Kamnyamata kaja kakhala pansi. Kalowetsa kapu ina mwa inzake. Katulutsa. Kavula sokosi yotsala ija, kaiponya m'kapu, kavundikira. Kavundukula, n'kuseka chikhakhali poipezamo. Kabwerezanso. Mayi aja apeza mpata womwa tiyi wawo, amene wazizira kale.

Ndege yachoka ku Addis Ababa maola awiri apitawo. Kuti ikatere ku London kwatsala ena pafupifupi 6.

Zoterezi si zachilendonso kwa Amalawi. Pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kapena ku Chileka, makamaka Khirisimasi ikamayandikira, pamzere sipalephera kukhala kholo lokoka sutikesi ndi dzanja limodzi, linalo litagwira mwana amene mtima wake uli kwina. Ena akutsatira amuna kapena akazi awo amene anapita kukagwira ntchito ku Britain kapena ku Ireland. Ena anabwera kudzaonetsa mdzukulu kwa agogo ake. Ena anabwera kumaliro.

Palibe ndege yochoka ku Malawi n'kukatera ku Ulaya osasintha. Wodzera ku Addis Ababa amakhala mlengalenga maola pafupifupi 4, n'kudikira pabwalo la Bole mpaka pakati pa usiku, kenaka ena pafupifupi 8. Wodzera ku Johannesburg amayamba ndi maola awiri ndi theka, koma kuchoka pa OR Tambo kukafika ku London ndi maola 11. Kudzera ku Nairobi, chigawo chachiwiri ndi maola pafupifupi 9. Mukaphatikizapo mizere, kusechedwa ndi ulendo wochokera kunyumba, tsiku lathunthu latha.

Kwa wamkulu ndi kutopa chabe.

Kwa mwana wa zaka ziwiri ndi nkhani ina.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza ana osakwana zaka zisanu. Linati mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri aziyendayenda ndi kusewera mphindi zosachepera 180 patsiku, azigona maola 11 mpaka 14, ndipo asamangidwe pamalo amodzi kupitirira ola limodzi, kaya m'kachikuku kokankha, pampando wodyera, ngakhale kumbuyo kwa womulera.

Ulendo wa pandege umaphwanya zonsezi kamodzi n'kamodzi.

Ndiye mwana amene akukankha mpando wanu sikuti ndi wamwano, kapena kuti makolo ake analephera kulera. Thupi lake likufunsa zimene limachita tsiku ndi tsiku. Ndi msinkhu umene wangozindikira kumene kuti miyendo ikhoza kumufikitsa kumene wafuna, wangophunziranso kukana, koma za "tatsala pang'ono kufika" sanayambe kuzimva. Khanda la miyezi inayi likayamwa limagona. Wa zaka zisanu amaonera katuni mpaka kumapeto. Ovuta ndi apakatiwa.

Sikuti sitidziwa kuyenda ndi ana maulendo ataliatali. Basi ya ku Joni, yodzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, imayenda usana ndi usiku, n'kupitirira, ndipo ana amakhalamo. Koma basi imaima. Pachipata aliyense amatsika, mwana amaponda pansi, n'kuthamangako pang'ono. Pawindo pamadutsa mbuzi, njinga, ogulitsa nthochi. Mwana akavuta, mayi wa mpando wapafupi amangotambasula manja: "Bweretsani kuno, mupumeko." Mwana amayenda pamiyendo ya anthu osawadziwa mpaka tulo titamupeza.

Ndege siima. Pawindo pali mdima kapena mitambo yokhayokha. Oyandikana nawo atseka makutu ndi mahedifoni. Ndipo chida chachikulu cha mayi wa kuno kwathu, kubereka mwana kumbuyo n'kumayendayenda naye, chimaletsedwa nthawi yomwe chikufunika kwambiri: ponyamuka, potera, ndiponso chizindikiro cha lamba chikayaka.

Kulira kwa mwana m'ndege kwafika poyambanitsa anthu padziko lonse. Mu Ogasiti 2024, m'ndege ya Juneyao Airlines yochoka ku Guiyang kupita ku Shanghai m'dziko la China, amayi awiri anatenga kamtsikana ka chaka chimodzi kamene kankalira, n'kudzitsekera nako m'chimbudzi, akukauza kuti katuluka pokhapokha katatonthola. Mwanayo sanali wawo. Ankayenda ndi agogo ake, ndipo kampaniyo inati agogo aakazi anavomera. Mmodzi mwa amayiwo anaika kanema wake pa intaneti poganiza kuti anthu amuyamikira. Ambiri anakwiya koopsa.

Makampani ena anasankha kungolekanitsa anthu. AirAsia X ndi Scoot anakhazikitsa zigawo zosalola ana aang'ono mu 2013. Japan Airlines imaika chizindikiro cha nkhope ya khanda pamapu a mipando, kuti wogula tikiti aone pamene pakhale mwana wosakwana zaka ziwiri. Mu Novembala 2023 Corendon inayamba kugulitsa malo a anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo paulendo wa Amsterdam kupita ku Curaçao.

Wofuna bata ali ndi ufulu wolipira. Koma katani yotchinga siletsa phokoso, ndipo sithandiza kanthu mayi amene ali yekha ndi mwana kuseri kwake.

Nanga chimaliza mwana n'chiyani kwenikweni?

Kawirikawiri ndi makutu.

Ndege ikakhala pamtunda wa mamita 10,000 kapena kuposa, mpweya wam'kati umasungidwa mofanana ndi wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, monga pamwamba pa phiri la Zomba kapena ku Nyika. Ikamatsika, mpweyawo umayamba kupanikiza nembanemba ya m'khutu kuchokera kunja. Chimene chimachepetsa ululuwo ndi kanjira kakang'ono kochokera m'kati mwa khutu kukatulukira kuseri kwa mphuno, kamene kamatseguka munthu akameza kapena kuyasamula. Mwa ana kanjirako n'kafupi, kopapatiza ndiponso kogona chopingasa, motero sikachedwa kutsekeka, makamaka mwana akakhala ndi chimfine.

Wamkulu amameza malovu dala. Mwana sadziwa. Amangomva kupweteka, n'kukuwa.

Odzera ku Addis Ababa amanyengeka pamenepa. Bwalo la Bole lili pamalo okwera mamita oposa 2,300, choncho ndege ikamatera kumeneko mpweya susintha kwambiri, ndipo mwana akhoza kutsika ali phee. Kholo limati tapambana. Koma bwalo la Heathrow ku London lili pafupifupi pamlingo wa nyanja. Kutera kwa m'mawa kumeneko ndiye kumayesa makutu, mwana atatopa kale.

Mankhwala ake ndi osalira ndalama: kumeza. Bere, botolo, kapu yokhala ndi kapaipi, chilichonse. Chinsinsi chili pa nthawi. Ndege imayamba kutsika patatsala pafupifupi theka la ola kuti itere, ndiye mwana akayamwa n'kukhuta ola lathunthu zisanachitike, akana pamene kumezako kukufunika. Mukamva woyendetsa ndege akulengeza zoti mwayamba kutsika, imeneyo ndiyo nthawi yake. Ngati ali m'tulo, ndi bwino kumudzutsa pang'ono, chifukwa munthu wogona sameza pafupipafupi. Ponyamukanso, dikirani ndege iyambe kuthamanga. Nthawi zina imayendayenda pabwalo kwa kanthawi ndithu, botolo n'kutha isanachoke pansi.

Mwana amene akudwala khutu kapena ali ndi chimfine champhamvu akaonedwe kuchipatala ulendo usanafike.

Mpweya wa m'ndege ndi woumanso kwambiri, chinyezi chake sichifika 20 peresenti nthawi zambiri. Mwana amauma kukhosi koma sanena kuti ali ndi ludzu, amangovuta. Madzi pang'onopang'ono, pafupipafupi. Lamulo loletsa zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 m'chikwama cham'manja, limene linayamba mu 2006, silikhudza mkaka ndi chakudya cha mwana. Ingozitulutsani n'kuonetsa posechedwa, pokumbukira kuti pabwalo losinthira ndege amasechanso.

Chakudya cha m'ndege chimabwera nthawi yake, osati nthawi ya njala ya mwana, ndipo akhoza kungochinunkhiza n'kutembenuka. Cha ana chimaitanitsidwa pasadakhale, tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanachitike. Chodalirika ndi chimene anazolowera: nthochi, mbatata yophika, kachidutswa ka chikondamoyo, mabisiketi, kamba, ufa wa phala woti mungopempha madzi otentha. Mtedza wathunthu, mbuliwuli, chimanga chokazinga ndi maswiti olimba zisiyeni kunyumba. Zimatsamwa, ndipo ndege imagwedezeka mosachenjeza. Zotsekemera zambiri nazo n'kudziputira nkhondo.

Chakudya chimadyanso nthawi. Bisiketi imodzi yobenthulidwa tizidutswa, n'kuikidwa m'kabokosi koti atsegule yekha, imatenga mphindi khumi. Paketi yonse yoperekedwa m'manja imatha mphindi ziwiri, theka lake lili pansi.

Nzeru yomweyi ndi imene imagwira ntchito pa zoseweretsa.

Kholo loyenda koyamba limaganiza za chidole chimodzi chachikulu, chodula, choti chigwire mwana ulendo wonse. Chidole chotero kulibe. Mwana wa msinkhu uwu amakhala ndi chinthu chimodzi mphindi zochepa, n'kufuna china. Ulendowo umafunika kuuduladula: kudya pang'ono, kabuku, kuyenda mpaka kumbuyo, masitika, kusintha thewera, nyimbo, kudyanso. Chilichonse chituluke pachokha, china chikabisidwa. Akaona chikwama chonse nthawi imodzi, mwagulitsa msika wonse m'mawa.

Zimene zimagwira mwana nthawi yaitali ndi zopatsa zala ntchito. Masitika omata pathireyi kapena pamkono, n'kumatulanso. Tepi ya pepala yoduladula. Kachikwama kakale ka ndalama kokhala ndi zipi, mutaikamo makhadi otha ntchito. Zopanira zovala pachingwe. Kabotolo kopanda kanthu koti azitsegula ndi kutseka. Kabuku kamodzi kamene amakadziwa pamtima, chifukwa pamalo achilendo mwana amafuna chinthu chimodzi chosasintha. Kukulunga kanthu kalikonse m'pepala kumawonjezera mphindi zina zingapo zong'amba.

Chilichonse chozungulira chimagubuduka n'kusowa. Mipira, timagalimoto, makrayoni. Cholira, chokhala ndi batire ndi nyimbo, chikudanitsani ndi mzere wonse.

Koma ngakhale makapu apepala amagwira ntchito pokhapokha wina akuyang'ana. Mwana akavundukula kapu amacheukira nkhope ya mayi kapena bambo ake kuti aone ngati nawonso adabwa. Choseweretsa chenicheni ndi munthu. N'chifukwa chake ulendowu umatopetsa kholo kuposa mwana, ndipo amene wakonzekera kuonera mafilimu atatu amafika atakhumudwa.

Nanga foni?

Malangizo a WHO aja salimbikitsa kuti mwana wa chaka chimodzi aziyang'ana pakanema, ndipo wa zaka ziwiri asapitirire ola limodzi patsiku. Kunyumba n'zoyenera kutsatira. M'ndege, ine sindingaweruze mayi amene wayatsa katuni pa ola lachisanu ndi chimodzi. Tsiku limodzi siliononga mwana. Chongofunika n'kusayamba nayo, chifukwa mukaitulutsa pa Lumbadzi, masitika sadzakomanso. Makatuni akhale otsitsiratu, foni yotchajiratu, ndipo mwana akhale ndi mahedifoni a msinkhu wake amene anawayeserapo kunyumba. Ogawidwa m'ndege amagwa m'makutu mwa ana. Kuliza foni popanda mahedifoni ndiye kulakwira anthu kwenikweni, kuposa kulira kwa mwana, chifukwa kumeneko wasankha ndi wamkulu.

Maola odikira pabwalo losinthira ndege, amene akuluakulu amadana nawo, ndi mwayi wa mwana. Pabwalo la Bole usiku mumaona mitundu iwiri ya makolo. Ena akhazika mwana pamiyendo, amupatsa foni kuti asasokoneze anthu. Ena amusiya athamange kuchoka geti ina kufika ina, bambo akutsatira pambuyo ndi jekete m'manja, mwana akuima pagalasi kuloza ndege, kenaka n'kuyambanso liwiro. Achiwiriwa ndiwo amagona m'ndege.

Pokwera, mabanja a ana aang'ono amaitanidwa poyamba. N'zothandiza poika katundu, koma zimatanthauzanso theka la ola loonjezera mwana ali pampando ndege isanasunthe. Ngati muli awiri, wina atsogole ndi zikwama, winayo alowe ndi mwana kumapeto.

Chizindikiro cha lamba chikazima ndipo ngolo za chakudya zadutsa, yendani naye. Apa chitenje chimabwerera pa udindo wake. Kumbuyo kwa ndege, pafupi ndi khichini, pamakhala kamalo koti munthu n'kuima atabereka mwana, akumugwedeza pang'onopang'ono, ndipo mkokomo wa injini umathandiza kugonetsa. Chitenje chomwecho ndi chofunda, ndi chotchinga kuwala, ndi choyala posintha thewera, ndipo chimanunkhira kunyumba. Tengani ziwiri.

Za kusintha thewera, dziwiranitu. Kathebulo kake kamatsitsidwa pamwamba pa chimbudzi, ndipo n'kakafupi moti wa zaka ziwiri miyendo imalendewera. Chikwama chachikulu simungatembenuke nacho m'menemo, choncho thewera limodzi, zopukutira ndi kapepala ka pulasitiki zikhale pazokha. Musagejemule mwana ali momwemo. Phokoso lake limadzidzimutsa ndi akulu omwe, ndipo mwana akaopa kamodzi sadzalolanso kulowamo. Zovala zosinthira zikhale za anthu awiri, chifukwa zimene zatayikira mwana zimathera pa womunyamula.

Pali uphungu wina umene umayenda monong'ona, pakati pa abale ndi m'magulu a WhatsApp: "Mungomupatsa ka Piriton, agona mpaka kukafika."

Ayi.

Piriton ndi mankhwala a ziwengo, ndipo tulo ndi zotsatira zake chabe. Mwa ana ena mankhwala a mtundu umenewu amachita zosiyana: mwana amabalalika, amanjenjemera, amalira osatonthola, ndipo mulibe pothawira kwa maola angapo. Promethazine, amene ambiri amawadziwa kuti Phenergan, ndi oopsa kwambiri. Bungwe la FDA la ku America linachenjeza kuti asaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka ziwiri chifukwa akhoza kufooketsa kapumidwe, ndipo ana ena anamwalira nawo. M'ndege mpweya wa okosijeni ndi wocheperako kale, chipatala chili kutali. Palibe nkhope yokwinya ya munthu wa mpando wakutsogolo imene ingafanane ndi ngozi imeneyo. Mankhwala oyenera kukhala m'chikwama cham'manja ndi amene mwana amamwa kale, komanso ochepetsa ululu ndi kutentha thupi pamlingo umene achipatala anakuuzani.

Chimodzi chokha chimene mwana sangapambane nacho, alire bwanji, ndi lamba.

Pa 21 Meyi 2024 ndege ya Singapore Airlines yochoka ku London inagwedezeka mwadzidzidzi pamwamba pa Myanmar, anthu akulandira chakudya cha m'mawa. Osamanga lamba anaponyedwa kudenga. Munthu mmodzi anamwalira, ambiri anavulala, ndipo ndegeyo inakatera ku Bangkok. Pakugwedezeka kotero palibe mikono imene ingagwire mwana wa makilogalamu 12. Makampani ambiri a ku Africa ndi ku Ulaya amapereka kalamba kakang'ono kolumikiza ku lamba wa kholo. Bungwe loona za ndege ku America la FAA limalimbikitsa kuti mwana akhale ndi mpando wakewake, atamangidwa m'kampando kovomerezeka konga ka m'galimoto. Mwana akagona pamiyendo, mumangeni lamba pamwamba pa bulangete kuti ogwira ntchito aone popanda kumudzutsa.

Ndipo zipangizo za mpweya zikagwa kuchokera kudenga, kholo livale loyamba. Mtima umakana, koma kholo likakomoka palibe woveka mwana.

Anzathu apaulendo nawo ali ndi gawo lawo, ngakhale sanasaine kalikonse. Kutola chidole chagwa, kugwirira thireyi pamene mayi akudzuka, kusewera chibisalirano ndi kankhope kosuzumira pakati pa mipando, kumunyamulako mwana kuti mayi apite kuchimbudzi. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'ndege anthu ambiri amafuna kuthandiza koma amaopa kuoneka olowerera, ndipo kholo nalo limachita manyazi kupempha. Pemphani. Makolo ena amafika pogawa timaphukusi ta maswiti ndi kakalata kopepesa kwa oyandikana nawo ndege isananyamuke. Ine ndimaona kuti n'kupepesa mlandu umene palibe. Moni wabwino ndi kuyesetsa koonekera n'zokwanira.

Zambiri mwa izi zimayambira pogula tikiti. Mwana wosakwana zaka ziwiri amalipira pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wa wamkulu paulendo wa kunja, koma alibe mpando: malo ake ndi pamiyendo panu, usiku wonse. Kabedi ka makanda komangirira kukhoma la kutsogolo kali ndi malire a kulemera, makilogalamu 10 kapena 11 m'makampani ambiri, ndiye woyenda kale nthawi zambiri sakwanamo. Mzere umenewo uli ndi malo otambasulira miyendo, koma zotsamira mikono zake kawirikawiri sizikwezeka, ndipo zikwama zonse zimakwezedwa m'mwamba ponyamuka ndi potera. Mzere wamba, wokhala ndi mpando wopanda munthu pambali, nthawi zina umaposa. Funsani pakauntala ngati ndege sinadzaze.

Kachikuku kokankhira mwana amalola kufika nako pakhomo la ndege, koma si nthawi zonse pamene mumakalandira pakhomo potsika. Kakhoza kukatulukira kumene kumatulukira masutikesi, kutsogolo kwa makonde ataliatali ndi mzere wa oona mapasipoti. Mwana ali ndi pasipoti yakeyake, ndipo kholo loyenda lokha lisaiwale setifiketi yobadwira ndi kalata ya chilolezo ya mnzake. Zanyama ndi zamkaka zotsala zithere m'ndege, poti Britain salola kulowa nazo, kupatula mkaka waufa wa makanda ndi chakudya chawo chosatsegula chosapitirira makilogalamu awiri.

Onaninso tsiku lobadwa. Mwana akakwanitsa zaka ziwiri muli kunjako, pobwerera sakhalanso pamiyendo, ayenera kukhala ndi mpando wake. Makampani amasiyana kawerengedwe ka mtengo wake, ndipo ndi bwino kufunsa pogula tikiti kusiyana n'kukazimvera pakauntala, ndege itatsala maola awiri kunyamuka.